Thumba la Manja Ambiri: Mbiri ya Aluso Olumala a ku Bulawayo

M'chaka cha 1978 anthu amene ankachotsa katundu m'tchalitchi china chakale ku Shoreditch, mumzinda wa London, anapeza mitolo ya zithunzi zojambula pamanja zokwana mazanamazana. Zithunzizo zinali za mapiri amiyala, mitengo, ng'ombe ndi anthu a m'Baibulo okhala ndi khungu lakuda. Anazijambula ndi anyamata a pasukulu ya mishoni ya Cyrene, kufupi ndi Bulawayo, m'zaka za m'ma 1940, ndipo ena mwa anyamatawo anali olumala. Zinawoloka nyanja kuti zikaonetsedwe ndi kupezera sukuluyo ndalama, kenako zinaiwalika. Zinadzaonetsedwanso poyera ku London mu 2020, ndipo mu 2022 zinafika ku Zimbabwe, pamene ambiri mwa ozijambula anali atagona kale kumanda.

Ulendo wa zithunzizi ukukumbutsa vuto limene waluso wosauka amakumana nalo kulikonse, limenenso limawawa koposa ngati walusoyo ndi wolumala. Munthu asanajambule amafuna utoto ndi pepala, asanaseme amafuna sompho ndi mtengo, asanaimbe pagulu amafuna gitala ndi ndalama yokwerera basi. Zinthu zimenezi si zamtengo wapatali, komabe amene sanalembedwe ntchito sangazipeze payekha. Tsono pamafunika wina woti atulutse ndalama, ndipo wotulutsa ndalamayo kawirikawiri ndiye amadzalamula kumene ntchitoyo ipite, mtengo wake, ngakhalenso dzina limene lilembedwe pansi pake. Mzinda wa Bulawayo ndi malo oyenera kutsatirapo nkhani imeneyi, chifukwa pa zaka zoposa 80 aluso ake olumala aleredwa ndi matumba a ndalama osiyanasiyana: la mishoni, la anthu wamba a m'komboni, la mowa wa khonsolo, ndi la abwenzi a kutsidya la nyanja.

Bulawayo wa atsamunda anakhazikitsidwa mu 1894, patangopita miyezi yochepa ufumu wa Lobengula utagonjetsedwa, ndipo njanji inafika mu 1897. Anthu akuda anawapatulira malo awo kunja kwa tauni ya azungu, malo amene amadziwika ndi dzina lakuti Makokoba. Pofika zaka za m'ma 1940 mzindawu unali likulu la njanji ndi mafakitale, ndipo unkakoka amuna kuchokera ku Matabeleland, ku Mashonaland, ku Northern Rhodesia, ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Chimene mzindawu unkafuna kwa munthu wakuda chinali mphamvu zake basi. Ankaloledwa kukhalamo ngati ali ndi chitupa ndi bwana womulemba ntchito, ndipo akavulala, akachita khungu kapena akakalamba ankayembekezeka kubwerera kumudzi kuti abale ake akamusamale. Lamulo la penshoni ya okalamba la 1936 silinkawawerengera n'komwe anthu akuda. Wolumala amene analibe kobwerera ankatsala m'mbali mwa msewu, dzanja lili tambasu.

Boma litawafulatira chotere, antchito anaphunzira kusungana okhaokha. Amene anachokera kutali, monga machona a ku Nyasaland ndi anzawo a ku Northern Rhodesia, ankaopa kwambiri kufera kuchilendo n'kuikidwa ngati nyama, motero anakhazikitsa mabungwe othandizana pamaliro. Aliyense ankasonkha kandalama pakutha pa mwezi, mlembi n'kulemba m'buku, msungichuma n'kusunga. Wina akamwalira, bungwe linkagula bokosi ndi chakudya cha pamaliro, ndipo mabungwe ena ankathandizanso wodwala kapena wofuna kubwerera kwawo. Magulu a magule monga beni ndi gule wamkulu, amene machonawa anapita nawo kumigodi ndi kumakomboni, ankayendanso ndi msonkhamsonkha womwewo. Choncho nzeru yakuti tindalama ta anthu ambiri tingathe kusenza chimene munthu mmodzi sangachithe inali yokhazikika kale mu Makokoba wina asanaganize zoigwiritsa ntchito pothandiza aluso.

Thumba loyamba limene linafikira aluso olumala linali la mpingo. Wansembe wa Anglican, Edward Paterson, amene anabadwira ku Scotland n'kukulira ku South Africa ndipo anaphunzira zojambula ku London, anatsegula sukulu ya Cyrene mu 1940, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Bulawayo. Dzina la sukuluyo linachokera kwa Simoni wa ku Kurene, munthu wa ku Africa amene anasenza mtanda wa Yesu. Pa Cyrene mnyamata aliyense ankayenera kujambula, ndipo Paterson ankapewa kuwaonetsa zithunzi za akatswiri a ku Ulaya poopa kuti angamangotengera. Ankawalimbikitsa kudzaza pepala lonse ndi zimene maso awo ankadziwa. Makoma a tchalitchi cha pasukulupo anawajambula ndi ophunzira omwewo, ndipo zojambulazo zilipo mpaka lero.

Chachilendo china chinali chakuti Paterson ankalandira anyamata olumala, amene sukulu zambiri za nthawi imeneyo zinalibe nawo malo. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Sam Songo, amene anali wolumala kwambiri koma anakhala katswiri wojambula ndi wosema, kenako mphunzitsi wa luso lomwelo. Ndiye anasewera m'filimu yotchedwa Pitaniko, imene inapangidwa pofuna kuonetsa ntchito ya mishoniyo kwa anthu akunja. Mnzake Lazarus Khumalo, wolumalanso, anatchuka ndi zosema. Mu 1949 zithunzi za Cyrene zinaonetsedwa ku London, ndipo kwa zaka zingapo zinayendayenda m'mizinda ina, anthu n'kumazitamanda.

Phindu la Cyrene silingakanidwe, pakuti anyamata amene akanatha moyo wawo wonse ali kuseri kwa nyumba anapeza ntchito ndi dzina. Komabe wosankha zithunzi zopita kunja anali mphunzitsi, wosunga ndalama anali mishoni, ndipo oonerera a ku Ulaya ankakonda kumva kuti ojambulawo ndi ana a kumudzi, ena opuwala, amene mpingo unawatola. Chifundo ndi chidwi zinkayendera limodzi, moti kunali kovuta kudziwa ngati munthu wakonda chithunzi kapena wangomvera chisoni mwini wake. Paterson anachoka pa Cyrene mu 1953 kupita ku Salisbury, kumene anapitiriza kuphunzitsa luso. Mitolo ija inatsala ku London popanda woifunsa, ndipo eni ake analibe njira yoilondolera chifukwa sinali m'manja mwawo chiyambire.

Thumba lachiwiri linayambira m'thumba la malaya a munthu mmodzi. Jairos Jiri anabadwa mu 1921 m'boma la Bikita, kum'mawa kwa Masvingo, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Anafika ku Bulawayo mu 1939 kudzafuna ntchito monga ankachitira anyamata anzake. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito yotsuka mbale kwa asilikali a Rhodesian African Rifles, kumene anaona ovulala akuthandizidwa kuti ayambenso kudzidalira. Zimenezi zinasiyana kwambiri ndi zimene ankaona m'misewu ya mumzinda, m'mene osaona ndi opuwala ankakhala pansi n'kumapempha. Anayamba kuwatengera kunyumba kwake ndi kuwadyetsa ndi malipiro ake ochepa, ndipo mnyamata wina wolumala anamunyamula panjinga kupita naye kuchipatala n'kumulipirira yekha chithandizo.

Pajatu mutu umodzi susenza denga. Mu 1950 Jiri anakhazikitsa bungwe, chinthu chimene akuluakulu a boma sanazolowere kuona munthu wakuda wosaphunzira akuchita, ndipo atsogoleri a anthu akuda mumzindamo monga Benjamin Burombo ndi Joshua Nkomo anamuchirikiza. Malo oyamba ophunzitsira ntchito anali ku Makokoba, ndipo ntchito zoyamba zinali zosoka zikopa ndi kukonza nsapato. Ndalama zoyambira zinali za Jiri mwini ndi za anthu wamba amene anawapempha kuti asonkhe, khonsolo ya mzinda n'kuthandizapo ndi malo. Kusonkha kotereku sikunali kwachilendo kwa anthu ozolowera mabungwe a maliro. Chatsopano chinali chakuti ndalamayo inkapita kwa munthu wamoyo, amenenso sanali mbale wa wosonkhayo kapena wakumudzi kwawo. Mshona, Mndebele ndi Mnyanja ankasonkhera munthu amene chilankhulo chake mwina sankachimva.

Ntchitoyo inakula msanga. Mu 1959 malo aakulu ophunzitsira anatsegulidwa ku Nguboyenja, ndipo m'chaka chomwecho Jiri analandira mendulo ya MBE. Pambali pa nsapato panabwera kusema, kuumba, kuluka madengu ndi kujambula, ndipo pofika zaka za m'ma 1960 sitolo ya bungweli ku Bulawayo inali malo amene alendo odzaona dziko ankafikako pofuna mphatso yopita nayo kwawo. Ndalama ya malonda inkabwerera kukagula zipangizo ndi kusamalira ophunzira atsopano. Apa panali kusintha kwenikweni, chifukwa mmisiri wolumala anayamba kudya thukuta lake, ndipo wogula ankatuluka m'sitolo atanyamula chinthu chimene anachisankha ndi maso ake. Koma panali ndi mbali ina. Wogulayo ankadziwa dzina la bungwe kuposa la mmisiri amene anasema chinthucho, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu ena anayamba kutchula munthu aliyense wolumala kuti Jairos Jiri, ngati kuti olumala onse ndi katundu wa bungwe limodzi.

Thumba lachitatu linali la anthu wamba ndithu, ngakhale kuti iwo sanafunsidwe. Potengera chitsanzo cha mzinda wa Durban, khonsolo ya Bulawayo inadzipatsa yokha ufulu wofulula ndi kugulitsa mowa wamasese kwa anthu akuda. Malo aakulu omwera mowa a ku Makokoba, amene ankatchedwa Big Bhawa, anamangidwa mu 1913. Amayi amene ankafulula mowa m'nyumba zawo ankasakidwa ndi apolisi, ndipo nyimbo ya August Musarurwa yotchedwa Skokiaan, imene inabadwira mu Bulawayo n'kukatchuka ku America mu 1954, inatenga dzina lake ku mowa woletsedwa womwewo. Phindu la mowa wa khonsolo linkayenera kugwira ntchito m'makomboni, kotero kuti olipira misonkho achizungu asasenze katundu wosamalira anthu akuda. Pansi pa Hugh Ashton, amene anayang'anira nkhani za anthu akuda mumzindawu kuyambira 1949, ndalama ya mowa inamanga nyumba, maholo, mabwalo a masewera ndi malo a achinyamata.

Mwa malo amenewa munali Mzilikazi Art and Craft Centre, imene inatsegulidwa mu 1963 kuti iphunzitse kuumba, kusema ndi kujambula kwa achinyamata a m'komboni amene sukulu ndi ntchito zinawasiya panja. Mbale ndi mitsuko ya ku Mzilikazi inatchuka, ndipo aluso ambiri a mumzindawu anadutsira pamenepo. Aliyense amene anamwapo chikho cha mowa ku Makokoba, kuphatikizapo machona, anaponyamo khobidi lake m'ntchito imeneyi. Kusiyana kwake ndi bungwe la maliro kunali kwakuti womwa mowa sankaona buku la ndalama, sankasankha msungichuma, ndipo sankafunsidwa ngati phindu lipite ku dongo kapena ku mpira. Ndalama inali ya anthu osauka, koma chiweruzo chinali cha khonsolo imene iwo sankaisankha. Panalinso chowawa china, chakuti luso la mwana linkadalira kuti bambo ake asiye gawo la malipiro awo kumowa.

Bungwe la Jiri nalonso linayamba kusintha pamene linkakula. Malo ambiri ankafuna ndalama zambiri kuposa zimene komboni ikanasonkha, motero thandizo la makampani, la boma ndi la mabungwe akunja linayamba kulemera kuposa tindalama ta anthu wamba. Pamodzi ndi ndalama zazikuluzo panabwera makomiti a anthu osalumala, malamulo a m'nyumba zogonera, ndi chizolowezi chosankhira munthu ntchito yoti aphunzire. Wofufuza wina, Patrick Devlieger, analemba mu 1995 za m'mene bungweli linachokera pa kudzithandiza n'kufika pa zachifundo. Kusinthaku kunkamveka kwambiri kwa achinyamata olumala amene anaphunzira sukulu. Mnyamata wofuna kukhala wowerengera ndalama kapena mphunzitsi sankakondwa kuuzidwa kuti manja ake ndi a madengu, ndipo luso limene linamasula m'badwo woyamba linayamba kuoneka ngati khola kwa m'badwo wachiwiri.

M'zaka za m'ma 1970 ena mwa amene anakulira ku Nguboyenja anayamba kukumana paokha, ndipo mu 1975 anakhazikitsa bungwe lawolawo, limene pambuyo pake linadziwika kuti National Council of Disabled Persons of Zimbabwe. Mwa atsogoleri ake munali Joshua Malinga ndi Alexander Phiri. Mfundo yawo inali yakuti olumala adzilankhulire okha ndi kukhala nawo pamene nkhani zawo zikugamulidwa, ndipo zimenezi sizinakondweretse amene anazolowera kuwalankhulira. Mu 1980 Malinga anali ku Winnipeg, m'dziko la Canada, pamsonkhano umene nthumwi zolumala zinakana kupitiriza kuyendetsedwa ndi madokotala ndi akatswiri, ndipo mkangano umenewo unabala bungwe la Disabled Peoples' International ku Singapore mu 1981. Mu 1986 mabungwe a olumala a kum'mwera kwa Africa anapanga mgwirizano wa SAFOD, umene likulu lake linakhala ku Bulawayo kwa zaka zambiri ndipo unaphatikiza mabungwe a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Malinga anadzakhala meya wa mzinda womwewo m'zaka za m'ma 1990.

Jiri anamwalira mu November 1982, ndipo boma la Zimbabwe linamulemekeza monga ngwazi ya dziko, ngakhale kuti anaikidwa kwawo ku Bikita. Amene anamutsutsa anali ana ake a ntchito, ndipo sakanatha kumutsutsa akanapanda kuphunzira kuwerenga ndi kulemba m'malo amene iye anamanga. Mkangano wawo sunali wokana thandizo. Ankafunsa za mwini thumba, funso limene aluso olumala a kwina anali atayesa kale kuliyankha mwanjira yawo.

Ku Ulaya, wojambula wa ku Germany, Arnulf Erich Stegmann, amene matenda a poliyo anamupuwalitsa manja ali wamng'ono ndipo ankajambula ndi burashi yogwira pakamwa, anasonkhanitsa anzake ochepa mu 1957 n'kukhazikitsa ku Vaduz, m'dziko la Liechtenstein, bungwe la ojambula ndi pakamwa ndi mapazi. Bungwelo limasindikiza zithunzi za mamembala pamakhadi ndi makalendala n'kugulitsa kwa anthu wamba. Ndalama yake imapereka kathandizo ka mwezi ndi mwezi kwa ophunzira kuti agulire utoto ndi kulipira aphunzitsi, ndipo amene wafika pa umembala wathunthu amalandira malipiro moyo wake wonse, ngakhale atadwala n'kuleka kujambula. Njira yopezera ndalama njofanana ndi ya sitolo ya Jiri, pakuti onse amadalira ogula ambiri otulutsa pang'onopang'ono. Kusiyana kuli pakuti kwa Stegmann ojambula eni ake ndiwo mamembala, ndiwo amasankha atsogoleri, ndipo dzina la wojambula limayenda limodzi ndi chithunzi chake.

Ufulu wa Zimbabwe utabwera mu 1980, luso la olumala linatulukira pabwalo lalikulu kudzera m'nyimbo. Gulu loimba la Jairos Jiri Band linatchuka m'zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi Paul Matavire, woimba wosaona wa ku Mwenezi amene anabadwa mu 1961. Nyimbo zake za m'Chishona ndi m'Chindebele, zodzala ndi nthabwala ndi miyambi pa nkhani za chikondi ndi banja, zinamupatsa dzina lakuti Doctor Love, ndipo anthu ankagula zimbale zake chifukwa zinkawasangalatsa, osati pomumvera chisoni. Mbiri yake ili ndi banga lalikulu, pakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anakhala m'ndende pa mlandu wogwirira mkazi. Pambuyo pake anasiyana ndi gululo n'kuyambitsa lake, ndipo anamwalira mu 2005. Zida zoimbira zimene bungwe linagula ndi zopereka za anthu ndizo zinatsegula njira imeneyi, ndipo zinasonyeza kuti ndalama yochepa yoikidwa pa nthawi yake imatha kutulutsa waluso amene msika wokha sukanamupeza.

Mu 1992 Zimbabwe inakhazikitsa lamulo loteteza anthu olumala, limodzi mwa malamulo oyambirira amtunduwu mu Africa. Tsoka ilo, lamuloli linafika pamene chuma chinkayamba kugwa. Ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP, imene inayamba mu 1991, inagwetsa mafakitale ambiri a ku Bulawayo, ndipo antchito amene ankasonkha anasanduka osowa. Pambuyo pa 2000 alendo odzaona dziko anachepa, motero masitolo a zosema anasowa ogula. Kenako kunabwera kukwera mitengo koopsa kwa 2008, kumene kunafika poti mu January 2009 boma linatulutsa ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni. Chilichonse chimene mabungwe a maliro, mipingo ndi magulu a olumala anasunga m'ndalama ya dzikolo chinasungunuka. Apa panaonekera kufooka kwa thumba la anthu wamba: limadzala pamene anthuwo ali pantchito, ndipo limauma pa nthawi imene likufunika koposa.

M'zaka zowawa zomwezo munatuluka gulu la Liyana, dzina la m'Chindebele lotanthauza kuti mvula ikugwa. Linapangidwa ndi achinyamata asanu ndi atatu olumala a pasukulu ya King George VI ku Bulawayo, oimba ndi marimba, ndipo mtsogoleri wa nyimbo anali Prudence Mabhena, amene anabadwa ndi matenda opinda mfundo za thupi, achibale ena n'kumaganiza kuti ndi zaufiti. Sukuluyo inkadalira kwambiri abwenzi akunja, ndipo ndi thandizo lotero gululi linakaimba ku Ulaya, kenako ku America mu 2009. Filimu ya Music by Prudence, yotsogoleredwa ndi Roger Ross Williams, inapata mphoto ya Oscar mu March 2010. Dziko lonse linamva mawu a mtsikana wa ku Bulawayo, ndipo makolo ambiri obisa ana olumala anaona chimene mwana wotere angathe. Komabe mphoto ya mtundu umenewu imapita kwa opanga filimu, ndipo chidwi cha akunja chimabwera ngati mvula ya mkuntho, yochuluka tsiku limodzi n'kusowa nyengo yonse. Mwanjira ina nkhani ya Cyrene inabwerezeka: luso linali la ku Bulawayo, koma chipata chotulukira chinali m'manja mwa ena.

Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyo aluso a m'mayiko olemera, atatopa ndi mafomu ataliatali a mabungwe akuluakulu, anayamba kutulukira njira imene Makokoba ankaidziwa kalekale. Ku Chicago mu 2007 kagulu kotchedwa InCUBATE kanayambitsa mwambo wa Sunday Soup, pamene anthu ankalipira chakudya chodyera pamodzi, ndalama yotsala n'kuperekedwa kwa waluso mmodzi amene ntchito yake yasankhidwa. Ku Boston mu 2009 kunabadwa Awesome Foundation, imene anthu khumi amasonkha madola 100 aliyense pamwezi n'kupereka madola 1,000 kwa munthu mmodzi popanda kumuikira zingwe. Kuyambira pamenepo timatumba totere tachuluka, ndipo tina timayendetsedwa ndi aluso olumala eni ake pothandiza anzawo. Wa ku Malawi angazindikire m'menemo chipereganyu, wa ku Zambia chilimba, wa ku Zimbabwe mukando, wa ku Mozambique xitique. Chimene achita a ku Chicago ndi ku Boston n'kungotembenuzira mwambo wakalewo ku utoto, zingwe za gitala ndi lendi ya chipinda chogwirira ntchito.

Mbiri ya Bulawayo ili ndi zimene ingauze oyendetsa timatumba timeneti. Kuchepa kwa ndalama sikunakhalepo vuto lalikulu, pakuti pepala la pa Cyrene, chikopa cha ku Makokoba ndi marimba a pa King George VI zinagulidwa ndi ndalama zochepa, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Mavuto ankabuka pamene wolandira sankaloledwa kuona buku la ndalama, pamene ankasankhiridwa luso loti achite, pamene dzina lake linkamira m'dzina la womuthandiza, ndiponso pamene ntchito yake inkachoka m'manja mwake popanda pangano loti idzabwerera. Bungwe la maliro linkapewa zambiri mwa izi chifukwa wosonkha wa lero ankadziwa kuti mawa wolandira ndi iye, ndipo akale ananena kuti lungalunga n'kubadwa, chilema chimachita kudza. Wantchito wa panjanji amene anasonkhera Jiri mu 1950 ankadziwa bwino kuti ngozi imodzi ikanatha kumusamutsira mbali ina ya thumbalo.

Zithunzi za Cyrene zitapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso ku Zimbabwe mu 2022, pambali pake panalembedwa mayina a anyamata amene anazijambula, ndipo ana ndi adzukulu a ena mwa iwo anaona ntchito ya makolo awo kwa nthawi yoyamba. Panali patapita zaka zoposa 70 chichokereni zithunzizo kwawo.